Makina osisita miyendo ndi mpweya: amathandiza ndani, ndipo ndani ayenera kuwapewa?

Dzuwa likamalowa ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, anthu ambiri amafika pakhomo miyendo italemera. Wina waima pa benchi ya tomato kuyambira m'bandakucha, wina wakhala tsiku lonse pa mashini osokera pakhonde la sitolo, wina ndi namwino, mphunzitsi, wometa kapena mlonda. Akavula nsapato amapeza mapazi atafufuma, zingwe za patapata zitalemba mizere pakhungu. Anthu oterewa ndiwo akutsatsidwa makina osisita miyendo ndi mpweya. Makinawa ayamba kuoneka pa malonda a pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ena amabwera ngati mphatso kuchokera kwa achibale a ku Joni kapena ku UK. Otsatsa amati amathetsa kutupa, amayendetsa bwino magazi, komanso amachotsa kutopa.

Funso ndi lakuti, mwa malonjezo atatuwa ndi ati omwe ali ndi umboni? Tisanayankhe tiyenera kumvetsa kaye kuti kutupa miyendo ndi chizindikiro chabe. Zoyambitsa zake n'zambiri, zina zopepuka, zina zakupha. N'chifukwa chake makina omwewo angathandize munthu wina koma n'kuvulaza mnzake, ngakhale mapazi a awiriwo atatupa mofanana.

Makinawa ndi otani

Ali ndi mbali ziwiri: pampu yaing'ono yamagetsi, ndi nsalu yolimba yokulunga mwendo, ina yolekeza m'mawondo, ina yofika m'ntchafu. M'kati mwa nsaluyo muli timatumba tingapo. Pampu imayamba kudzaza mpweya m'kathumba ka kuphazi, kenako ka pamwamba pake, mpaka ka kumapeto. Ikatero mpweya wonse umaphwa, n'kuyambiranso. Amene anayezetsapo BP akudziwa kale mmene zimamvekera, chifukwa n'zofanana ndi lamba uja amamanga pamkono, kungoti pano kufinyako kumayenda kuchokera pansi kupita m'mwamba.

Mphamvu yofinyira imawerengedwa ndi muyeso womwewo wa BP, wa mmHg. Makina a m'zipatala oteteza odwala ogonekedwa amafinya katumba ndi mphamvu ya pafupifupi 40 mmHg kwa masekondi ochepa, pafupifupi kamodzi pa mphindi iliyonse. Ambiri ogulitsidwa kuti azigwiritsidwa ntchito pakhomo amangolemba 1, 2, 3, osanena kuti manambalawo akuimira mphamvu yochuluka bwanji, ndipo ena amatenthetsanso mwendo.

Mmene magazi amakwerera kuchokera kumapazi

Mtima suvutika kukankhira magazi kumapazi. Ntchito ili pobwerera. Magazi ayenera kukwera mtunda wopitirira mita imodzi, pamene mphamvu ya mtima imakhala itachepa kwambiri pofika m'timitsempha ting'onoting'ono ta kuphazi. Thupi limadalira zinthu ziwiri. Choyamba ndi akatumba. Munthu akaponda pansi n'kunyamula chidendene, minofu ya katumba imafinya mitsempha yodutsa m'kati mwake, magazi n'kukankhidwira m'mwamba. Chachiwiri ndi tizitseko ta m'mitsemphamo, tomwe timatsegukira kumtunda kokha, kotero kuti magazi akakwera sabwereranso pansi.

Munthu akaima chilili osasuntha, mphamvu ya magazi m'mitsempha ya pa akakolo imafika pa 80 kapena 90 mmHg. Akangoyamba kuyenda imatsika mpaka cha m'ma 30 kapena kuchepera apo. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti munthu woyenda wapansi kuchoka ku Ndirande kukagwira ntchito ku Ginnery Corner afike mapazi ali bwinobwino, pamene mnzake amene wangoima pa kauntala maola 8 amaweruka atatupa. Magazi akadikha pansi, madzi ake amadutsa m'makoma a timitsempha n'kudzaza m'minofu. Madziwo amayenera kutoleredwa ndi timitsempha tina tapadera, ta madzi omwe madokotala amati lymph, tomwe timadutsa m'mphechepeche, malo aja pamatupa mwanabele. Madzi akachuluka kuposa omwe timitsemphati tingatolere, kapena tikawonongeka, mwendo umatupa.

Makina a mpweya amangotsanzira ntchito ya katumba. Amafinya mitsempha, magazi n'kukwera, ndipo madzi ena a m'minofu amabwerera m'njira yake. Ntchito yake yonse ndi yomweyo. Mulibe mankhwala, sachotsa poizoni m'thupi, sasungunula mafuta, ndiponso sakonza tizitseko tomwe tawonongeka kale.

Kumene nzeruyi inachokera

Kumanga mwendo wotupa ndi nsalu n'kwakale kwambiri, koma chifukwa chake chinadziwika mochedwa. Mu 1603 Fabricius, mphunzitsi wa zachipatala ku Padua m'dziko la Italy, anafotokoza za tizitseko ta m'mitsempha. Wophunzira wake, William Harvey wa ku England, anasonyeza mu 1628 kuti magazi amazungulira thupi lonse n'kubwerera kumtima. M'zaka za m'ma 1800 Rudolf Virchow wa ku Germany anaunikira mmene magazi oundana m'mwendo amathothokera n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Kuyambira pamenepo madokotala anadziwa kuti magazi odikha ndi oopsa.

Cha m'ma 1950 injiniya wina, Conrad Jobst, yemwe ankakhala ku Toledo m'dziko la America, ankavutika ndi mitsempha ya m'miyendo. Anaona kuti akaima m'dziwe losambira ululu unkachepa, popeza madzi amafinya kwambiri pansi n'kumacheperachepera kumtunda. Anapanga masokosi ofinya mwanjira yomweyo, ndipo mpaka lero masokosi a kuchipatala amathina kwambiri pa akakolo kusiyana ndi pa bondo. Makina a mpweya anafala m'zipatala kuyambira m'zaka za m'ma 1970, poteteza anthu ochitidwa opaleshoni. Pambuyo pake ochita masewera anawatengera kuti azipumitsira miyendo akatha mpikisano, ndipo mafakitale ataona msika anayamba kupanga otsika mtengo a munthu aliyense. Choncho chida chomwe chinapangidwira wodwala wosatha kudzuka pabedi chikugulitsidwa lero kwa munthu amene angathe kuyenda yekha.

Zotsimikizika ndi zomwe akatswiri akutsutsanabe

Umboni wamphamvu uli pa kupewa kuundana kwa magazi mwa odwala ogonekedwa. Kafukufuku wotchedwa CLOTS 3, yemwe anachitika m'zipatala za ku UK ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013, anatsatira odwala sitiroko 2,876 omwe sankatha kuyenda. Mwa amene sanavekedwe makina, 12.1 peresenti magazi anawaundana m'mitsempha ikuluikulu ya m'mwendo. Mwa amene anavekedwa, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 8.5 peresenti. Koma tidziwe kuti odwalawa ankavala makinawo usana ndi usiku kwa masiku ambiri, anamwino akuyang'anira khungu lawo. Si zofanana ndi kuvala mphindi 20 madzulo uku ukuonera TV. Ndipo ngakhale m'chipatala phindu lake lili ndi malire. Kafukufuku wina wotchedwa PREVENT, wotsogozedwa ndi madokotala a ku Saudi Arabia ndi kusindikizidwa mu 2019, anapeza kuti kwa odwala kwambiri omwe ankabayidwa kale mankhwala oletsa magazi kuundana, kuwonjezera makina sikunasinthe kanthu kooneka.

Pa matenda a mitsempha yofooka, aja mitsempha imaoneka itatukuka ndi kupindikapindika kuseri kwa mwendo, akatswiri ambiri amagwirizana kuti kufinya mwendo kumathandiza. Kumene amasiyana n'kwakuti kodi makina amaposa mabandeji ndi masokosi ofinya? Umboni wake ndi wochepa, ndipo malangizo ambiri amaika masokosi ndi mabandeji patsogolo. Makina amabwera ngati chowonjezera kwa amene sangathe kuyenda kapena kuvala masokosiwo.

Mkangano wina uli pa kutupa kobwera chifukwa timitsempha ta lymph tawonongeka. Ena amati makina amachepetsadi kukula kwa mwendo. Ena amati amangokankha madzi, n'kusiya mapuloteni omwe amakokanso madzi ena ndi kuumitsa khungu, ndipo nthawi zina madziwo amakaunjikana m'ntchafu kapena kumaliseche. Mbali zonse zimavomereza kuti makina paokha, popanda kusamalira khungu ndi kumanga mwendo pambuyo pake, sakwanira.

Nanga kutopa wamba? Kafukufuku wa ochita masewera wasonyeza kuti anthu ambiri amamva kupepukidwa ndipo kuphwanya kwa minofu kumachepako pang'ono, koma palibe umboni womveka woti mphamvu zimabwerera msanga kuposa munthu akangoyenda pang'onopang'ono kapena kupumula. Kumva bwino nakonso ndi phindu, sitingakunyoze. Koma mawu oti makina amayendetsa magazi ndi oona pa nthawi yokhayo imene akugwira ntchito. Mukawavula n'kukaimanso pamsika tsiku lonse, mawa madzulo mapazi adzatupanso.

Kutupa kumene makina sangathetse

Apa ndipo pali nkhani yaikulu kwa ife. Kafukufuku wa m'dziko muno wa STEPS, wa mu 2009, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP ikakhala yokwera kwa zaka zambiri imatopetsa mtima ndi kuwononga impso, ndipo ziwalo ziwirizi zikafooka, chizindikiro chooneka msanga ndi mapazi otupa. Munthu wa mtima wofooka amatupa miyendo yonse iwiri, amabanika akamakwera zitunda za ku Bangwe kapena Ndirande, ndipo usiku amalephera kugona chagada mpaka atatsamira mapilo angapo. Madzi a m'miyendo yake ndi omwe mtima walephera kunyamula. Makina akawakankhira m'mwamba nthawi imodzi, angathe kudzaza m'mapapo, munthuyo n'kubanika koposa. Wa impso nthawi zambiri amadzuka nkhope ndi zikope zitatupa, ndipo mkodzo ungachepe kapena kuchita thovu. Chiwindi chikawonongeka, mimba nayo imatupa.

Mwendo umodzi wokha ukatupa mwadzidzidzi, ukupweteka pa katumba ndi kutentha, tiyenera kuganizira za magazi oundana. Vutoli limakonda amene angochitidwa opaleshoni, amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, odwala khansa, TB kapena HIV, komanso oyenda maulendo ataliatali. Amalonda athu okwera basi kupita ku Johannesburg kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge amakhala pampando kupitirira tsiku lathunthu, mawondo ali opinda, katundu ali kumapazi, ndipo ena amadzimana madzi poopa kuvutika ndi chimbudzi. Mwendo wotere suyenera kusisitidwa, kaya ndi manja kaya ndi makina. Chibuma cha magazi chingathothoke n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu angafe m'mphindi zochepa. Chofunika ndi sikani ya mwendo ndi mankhwala oletsa magazi kuundana.

Mayi woyembekezera kutupa mapazi pang'ono m'miyezi yomaliza si zachilendo. Koma kutupa kukabwera mwadzidzidzi, n'kufika kumanja ndi kunkhope, limodzi ndi litsipa kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, nthawi zambiri ndiye kuti BP yakwera moopsa ndipo mayiyo angayambe kukomoka. Ameneyo asadikire tsiku la sikelo. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo zikavuta amutumiza ku Chatinkha, gawo la amayi oyembekezera pa chipatala cha Queens.

Odwala shuga ali ndi chiopsezo cha mtundu wina. Matendawa amapha mitsempha yomvera, mapazi n'kuchita dzanzi, ndiponso amachepetsa njira za magazi opita kuphazi. Munthu wotere samva makina akathina kwambiri kapena akatentha. Amangoona chithuza m'mawa, ndipo chithuza cha wodwala shuga chingasanduke chilonda chosapola mpaka kudulitsa mwendo. Amene mapazi ake amazizira, kapena amamva kupweteka pa katumba akayenda kamtunda kochepa n'kusiya akaima, vuto lake ndi loti magazi sakufika okwanira kuphazi. Makina wamba ofinya angawonjezere vutolo.

Palinso khansa ya pakhungu ya Kaposi, yomwe ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi, makamaka mwa anthu omwe ali ndi HIV. Imayamba ndi timadontho takuda pamwendo kapena kuphazi, ndipo mwendo umatupa mouma gwa. Chithandizo chake ndi ma ARV ndi mankhwala a khansa, ndipo ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane yomwe yakhala ikusamalira odwala otere. Mwana wamng'ono akatupa mapazi onse awiri, tsitsi likufiira, nthawi zambiri ndi kunyentchera koopsa, ndipo amafunika kuchipatala mwachangu.

Mankhwala nawo amatupitsa. Amlodipine ndi nifedipine, omwe ambiri amalandira a BP, amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Wotero asasiye mankhwala payekha, akauze adokotala kuti aone ngati angasinthe. Bufeni ndi indosidi, omwe anthu amagula m'maokala pofuna kuthetsa kuphwanya kwa thupi, amasunga madzi m'thupi ndipo akamwedwa kawirikawiri amawononga impso.

Pali kayezedwe kosavuta kochitira pakhomo. Dinani ndi chala chachikulu pa msongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, kwa masekondi 10. Mukachotsa chala n'kutsala kadzenje kochedwa kudzaza, ndiye kuti m'minofumo muli madzi. Kayezedweka kamangotsimikiza kuti madzi alipo, sikanena chomwe chawabweretsa.

Mntchetcha ndi miyambo yathu

Mu 2020 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti Malawi wathetsa mntchetcha ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, ndipo linali dziko lachiwiri m'chigawo cha bungweli cha Africa pambuyo pa Togo. Izi zinatheka chifukwa cha ntchito yogawa mankhwala a ivermectin ndi albendazole yomwe inayamba mu 2008. Koma mankhwalawo amapha tizilombo, sabwezeretsa mwendo womwe unatupa kale. Anthu ena ochokera ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene matendawa anali ofala, akukhala nawobe mpaka m'makwalala a Blantyre. Chisamaliro chomwe chatsimikizika kwa iwo n'chosalira ndalama zambiri: kutsuka mwendo ndi sopo ndi madzi oyera tsiku lililonse, kupukuta bwino pakati pa zala, kusamalira tizilonda, kuvala nsapato zokwana, kukweza mwendo pogona ndi kuuyendetsa. Chimene chimakulitsa mwendo wa mntchetcha ndi majeremusi olowa pakhungu losweka, omwe amabweretsa malungo ndi kufiira kwa mwendo mobwerezabwereza. Mwendo ukafiira ndi kutentha chotero, makina ndi oletsedwa.

Pa chifukwa chomwechi tiyenera kunena mosabisa za mphini. Kutema mwendo wotupa n'kutsegulira majeremusi khomo pamalo pomwe chitetezo chili chofooka kale. Kuthowa ndi madzi ofunda kumapepuza minofu yotopa, koma kwa wodwala shuga kungathe kuwotcha osamva. M'mabanja ambiri munthu akatupa miyendo akuluakulu amaganizira za tsempho, kapena kuti walumpha mankhwala. Banja lili ndi ufulu wokambirana zimenezo, koma zokambiranazo zisachedwetse wodwala kukayezedwa, chifukwa mtima ndi impso zimapitiriza kuwonongeka pa masabata omwe akudikirawo.

Kwa amene makina angawathandize

Munthu amene wayezedwa n'kupezeka kuti mtima, impso ndi shuga zili bwino, amene kutupa kwake kumabwera madzulo n'kuphwa pofika m'mawa, angathe kugwiritsa ntchito makinawa popanda chiopsezo chachikulu. Ayambe ndi mphamvu yotsika, kwa mphindi 15 mpaka 30, atavala sokosi kapena buluku lopyapyala, ndipo asagone nawo. Akamva kupweteka, dzanzi kapena kubanika, azimitse pomwepo. Khungu aziliyang'ana akamaliza. Banja lomwe likusamalira wodwala sitiroko pakhomo lisamuveke makina lisanafunse adokotala kapena a mafizo, monga a ku Queens kapena ku Kachere, popeza wodwala wogona nthawi yaitali angakhale kuti magazi anamuundana kale.

Pogula, onani ngati makinawo akulemba mphamvu yake mu mmHg, ndiponso ngati nsaluyo ikukwana mwendo wanu. Magetsi a ESCOM ndi a 230 V. Makina ochokera ku America opangidwira 110 kapena 120 V amapsa akangolumikizidwa, pokhapokha adaputa yake italembedwa kuti 100–240 V. Ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano obulungira yomwe silowa m'masoketi athu. Ganiziraninso kuzimazima kwa magetsi, komanso kuti kathumba kamodzi kakabooka, wokonza ndi wovuta kumupeza.

Koma kunena zoona, zambiri zomwe makinawa amachita munthu woyenda yekha angazichite osalipira. Wogulitsa pamsika azinyamula zidendene n'kuimira zala maulendo 20 pa ola lililonse, ndi kuyendako pang'ono makasitomala akachepa. Wokhala pansi tsiku lonse azizunguza mapazi ndi kudzuka pafupipafupi. Mashini osokera opalasa ndi phazi amayendetsa kale akatumba, pamene wosoka ndi mashini amagetsi ayenera kudzikumbutsa. Madzulo gonani chagada, miyendo itatsamira khoma kapena mapilo kuti ikwere kuposa pamtima, kwa mphindi 20. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi womwe uli kale mu usipa wouma, tchipisi ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Masokosi ofinya a kufamase, a muyeso woyenera, amagwira ntchito tsiku lonse pamene munthu ali chiimire, nthawi yomwe makina ali kunyumba. Ndipo mapilitsi okodzetsa, monga Lasix, asamwedwe popanda kulemberedwa ndi adokotala.

Zipatala zazing'ono za boma ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri zimayeza BP kwaulere, ndipo ndizo zimatumiza wodwala ku Queens pakafunika kuyeza mtima, impso kapena sikani ya mwendo. Ngati miyendo yanu yakhala ikutupa kopitirira sabata, kapena sikuphwa mukadzuka m'mawa, tengani buku lanu la kuchipatala mukayezetse BP, shuga ndi mkodzo musanapereke ndalama kwa wogulitsa makina aliyense.